Ngwee za m'Citini ndi Nkhope ya Ambuya

Mwezi wathawu mdzukulu wanga wa zaka 16 anandipeza nditakhala pansi pa mtengo wa mango pano pa Makeni, nanjuta pambali panga monga acitira mwana amene ali ndi pempho lolemera. Anatulutsa foni yake nandionetsa kamera imene mtima wake wagwapo, pamodzi ndi diso lake lalitali ndi miyendo itatu yoimikapo. Ananena kuti wasunga kale gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake, ndalama zimene wazipeza potsuka magalimoto ndi ponyamula mipando pa maukwati, ndipo anapempha kuti zotsalazo ndimalize ine. Ndinamuyankha kuti, "Iai, mdzukulu wanga, sindidzakupatsa." Mnyamatayo anaimirira mwaulemu nacoka, koma nkhope yake inali itagwa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndalamazo ndikadazipeza nditagulitsa nkhuku, ndipo mwanayo si wolowerera. Motero ndaona kuti ndi bwino ndilongosole cifukwa cimene ndinakanira, kwa iye ndi kwa inu abale anga a kumidzi amene muli ndi ana olakalaka zinthu zoposa thumba lanu. Inenso ndinali mnyamata wotere, pa Makeni pomwe pano.

Ndinabadwa m'caka ca 1963 m'mudzi wina wa m'boma la Katete. Atate anamwalira ndiri ndi zaka zinai, ndipo anandilera ndi ambuya, amai awo a amai anga. Pa moyo wao wonse atate anaima patsogolo pa kamera kamodzi kokha, tsiku limene anatenga citupa, ndipo citupaco cinasowa m'piringupiringu wa pa maliro. Pokula ndinali kumva akuluakulu akunena kuti cipumi canga ndi ca atate, ena nati iai, ndi mayendedwe okha. Ndinali kutenga kagalasi kosweka ka amai ndi kudziyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna munthu amene sindinali kumukumbukira. Aliyense anali ndi nkhope yaceyace ya atate m'mutu mwake, ine ndekha mwana wao ndinalibe.

M'caka ca 1976 ndinalemba mayeso a Giredi 7, koma malo a Fomu 1 anali ocepa masiku amenewo ndipo dzina langa silinatuluke. Amalume, amene anali kugwira nchito pa famu ina yaing'ono ku Makeni, analemba kalata kuti ndipite ndikawathandize m'malo mongokhala. Ndinafika mu Januwale 1977. Amene adziwa Makeni wa lero, wa masitolo akuluakulu, mipanda ya njerwa ndi magalimoto osatha pa mseu wa Kafue, sangakhulupirire kuti kale kunali madimba, makola a nkhuku, ng'ombe za mkaka ndi udzu wautali. Anchito anali kukhala m'tinyumba kumbuyo kwa mafamu. Ndiwo zambiri zimene anthu a m'Kabwata, m'Kamwala ndi m'Libala anali kudya zinali kucokera m'minda yotere ya m'mbali mwa mzinda. Wofuna kupita m'tauni anali kudikira basi ya UBZ, imene inali kubwera pamene yafunira, kapena kuyenda pansi maola awiri.

Tsiku lina la Sabata, mwezi utangotha ndipo anchito atalandira, kunafika mkulu wina pa njinga, atapacika kabokosi kacikopa m'khosi. Anali wojambula zithunzi wa ku Kanyama. Mbiri itamveka, komboni yonse inatekeseka. Amai anathamangira kukasamba ndi kudzola, abambo anabwerekana jekete limodzi ndi wochi imodzi, ndipo wina anatulutsa wailesi kuti aime nayo. Munthu anali kulipira theka tsiku lojambulidwa, theka lina tsiku lolandira cithunzi. Patapita masabata awiri mkuluyo anabweranso ndi envulopu, ndipo ndinaona amalume ali pa pepala, ndi cipsera cao ca pa cibwano, ndi batani la malaya limene linali litasokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Pomwepo ndinaganiza za atate, kenaka za ambuya, amene anali atayamba kale kuyenda ndi ndodo. Kumudzi kwathu wojambula sanali kufikako, ndipo ambuya sakadakwera galimoto kupita pa boma cifukwa ca cithunzi.

Ndinalimba mtima ndi kufunsa kuti, "Bambo, kodi makina otere agulidwa zingati?" Mkuluyo anaseka, koma poona kuti sindiri kuseka anandiuza kuti ali ndi kamera ina yakale imene angaigulitse pa K75. Inali Zenit ya ku Soviet Union, imene anaigula kwa wophunzira wina wocokera kumeneko. K75 inali yoposa malipiro a amalume a miyezi iwiri. Madzulo nditawauza, anaika mbamu ya nsima pansi nati, "Mphwanga, ine ndinakuitana kuti uphunzire khasu la m'tauni, iwe ufuna zidole za azungu? Ngati uli ndi mphamvu zopeza ndalama zotere, gula njinga." Sanandiletse, koma ananenetsa kuti ngwee yao siidzalowapo, ndi kuti nchito ya pakhomo iyambe yatha.

Cotero ndinayamba. Mbandakuca ndinali kuthirira dimba la amalume, ndipo dzuwa likakwera ndinali kupita pa famu yoyandikana nayo kukapala manyowa m'makola a nkhuku. Wilibala imodzi yodzaza, yoikankha mpaka kwa olima repu ndi matimati, inali kundipatsa 10 ngwee, imene akuluakulu anali kuichulabe kuti sheleni, ngakhale kuti kwaca inali italowa m'malo mwa paundi mu Januwale 1968. Pa Cisanu ndinali kuthandiza amai ogula ndiwo pa mafamu kusenza mabokosi kufika nao pamseu. Nyengo ya mango ndinali kugulitsa mango pa siteji ya basi, nyengo ya mvula ndinali kupalira m'minda ya eni. Tsiku labwino ndinali kubwera ndi 30 ngwee, tsiku loipa ndi matuza okha. Kandalama ka 20 ngwee, kamene kanali ndi mutu wa a Kaunda mbali imodzi ndi mphoyo mbali inayo, ndinali kukagwira m'thumba njira yonse kuopa kuti kangaboole nsalu. Anzanga anali kugula mabanzi ndi Fanta, ndi kupita kukaonera kanema m'tauni. Ine ndinali kumeza mate, ndipo anandipatsa dzina lakuti Kaumbombo.

Ndalamazo ndinali kuziika m'citini ca mkaka wa ufa, cimene ndinacikwirira pansi pa nkhokwe. Zacitsulo zikacuruka ndinali kuzisinthitsa ndi zapepala kwa mwini kantini, poganiza kuti pepala ndi ulemu. Mvula ya caka cimeneco itatha ndinafukula citini cija ndi kupeza kuti dzimbiri laboola pansi, cinyezi calowa, ndipo ciswe cadya K2 yathunthu ndi kusiya nyenyeswa. Awo anali mawilibala 20. Ndinalira ngati mwana wamng'ono. Amalume sanandiseke. M'mawa mwake anavala jekete lao nanditenga kupita ku positi yaikulu ya pa Cairo Road, kumene ananditsegulira buku losungiramo ndalama. Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse kalaliki anali kulemba, kudinda cidindo ndi kundibwezera buku, ndipo ciswe cinalibenso gawo.

Koma panali ciswe cina cimene buku la ku positi silikadaletsa. Mtengo wa mkuwa, umene dziko lathu linali kudalira, unali utagwa m'caka ca 1975, ndipo ndalama zakunja zogulira katundu zinacepa. Amai anali kufola mizere yaitali pa masitolo a ZCBC ndi Mwaiseni kudikira sopo, shuga ndi saladi. Filimu, mapepala a zithunzi ndi mankhwala otsukira zonse zinali kucokera kunja, motero zinali kusowa ndi kukwera. Pamene buku langa linafika pa K40, mkulu uja anandiuza mwamanyazi kuti kamera ija tsopano ndi K85. Ndinaona ngati ndiri kuthamangitsa mthunzi wanga. Ndipo anali amalume, omwe aja anati zidole, amene anandipatsa nzeru. Anati, "Ndalama yogona siibala. Tapa pang'ono ugule anapiye." Ndinatapa K6, ndinagula anapiye ndi cakudya cao, ndi kumanga kakhola kumbuyo kwa nyumba. Ena anafa ndi citopa, koma otsalawo ndinawagulitsa pa Khirisimasi ya 1978, ndipo kwa nthawi yoyamba ndalama zanga zinayenda msanga kuposa mtengo.

Mu Januwale 1979 kunabwera kalata yocokera kwa amai. Mlongo wanga wamng'ono anali atasankhidwa kupita ku Fomu 1 pa sukulu yogonera komweko, mwai umene ine sindinaupeze. Maphunziro anali aulere, koma yunifomu, nsapato, bulangete, sutikesi ndi ulendo zinali kufuna ndalama, ndipo cimanga cinali cisanace. Amalume anawerenga kalatayo mokweza kawiri, osandiyang'ana. Iwo anali ndi ana asanu. Masiku atatu ndinayenda ndi mwala pamtima, ndikudziuza kuti palibe amene wandipempha. Tsiku lacinai ndinapita ku positi ndi kutapa K20. Sindinganame kuti ndinapereka mokondwa. Pobwerera ndinayenda pansi kucokera m'tauni mpaka ku Makeni ndiri wokwiya ndi aliyense, ngakhale ndi mlongo wangayo amene sanalakwe kanthu. Mlongoyo anadzakhala mphunzitsi, ndipo anaphunzitsa ana zaka zoposa 30.

Kucedwa kumeneku ndiko kunandipatsa cinthu cimene sindinali kucifunafuna. Poopa kuti kamera ija ingagulidwe ndi wina, ndinayamba kupita kwa mkulu uja pa Ciweru ciriconse kukaionako. Iye anali kucita lendi kacipinda kumbuyo kwa sitolo ina ku Kamwala, kumene kunali magetsi, ndipo atatopa ndi kundiona nditangoima anandipatsa tsache. Pambuyo pa tsache anandipatsa nchito yotunga madzi ndi kutsuka mabeseni. Pambuyo pa mabeseni anandilola kulowa m'cipinda ca mdima.

M'menemo ndinaphunzira kuti filimu ndi lamba wopakidwa mankhwala a siliva amene amva kuwala, ndi kuti kuwala komwe kulemba cithunzi ndiko kungaciphe. Filimu itulutsidwa m'kacitini kake mu mdima wa ndiwe yani, ndi manja okha opanda maso. Iviikidwa m'mankhwala oyamba amene aonetsa cithunzi, itsukidwa, iviikidwa m'mankhwala aciwiri amene acikhazikitsa kuti kuwala kusacionongenso, kenaka itsukidwa ndi madzi ambiri ndi kuyanikidwa. Mankhwala oyambawo afuna kuzizira kwa madigiri 20, ndipo m'mwezi wotentha wa Okutobala tinali kuika mabotolo mu mtsuko wa madzi monga acitira amai kumudzi. Pa filimu yotsukidwa zoyera zioneka zakuda ndipo zakuda zioneka zoyera. Pepala ndilo libweza zinthu m'malo mwake, pansi pa nyali yofiira, ndipo nkhope ya munthu ituluka pang'onopang'ono m'beseni monga munthu wocokera m'nkhungu.

Kunja anandiphunzitsa kuwerenga dzuwa. Kacipangizo koyesera kuwala ka pa Zenit ija kanali katafa, motero anandipatsa lamulo la pamtima. Ndi filimu ya nambala 125, liwiro liikidwe pa 125. Dzuwa likawala kwambiri, khomo la diso licepetsedwe kufika pa 16. Kukacita mitambo, litsegulidwe pa 8. Pamthunzi wa mtengo, pa 5.6. Munthu asaime dzuwa liri kumbuyo kwake, ndipo wojambula agwire mpweya podina. Anandipatsanso malamulo awiri amene anali kuwabwereza mpaka kunditopetsa. Loyamba, filimu ikatha uibweze yonse m'kacitini kake nthawi yomweyo, usanacite cina ciriconse. Laciwiri, cithunzi ciriconse ucilembe m'kabuku: nambala yake, dzina la munthu, malo, ndi m'mene unaikira diso. Ndinali kuona ngati ndi nkhani za ukalamba cabe.

Masiku amenewo kunyamula kamera sikunali kwa masewera. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali itafika pakhomo pathu. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za asilikali a Ian Smith zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo anthu ambiri anafa. Mu Epulo 1979 adaniwo analowa mu mzinda weniweniwo naononga nyumba ya a Joshua Nkomo. Mu Okutobala caka comweco anaphulitsa milato ya pa Chambeshi, ndipo mwezi wotsatira milato inanso ya pa miseu yaikulu. Anthu anali cheru ndi akazitape, ndipo kujambula mlato, nyumba ya boma kapena msasa wa asilikali kunali mlandu waukulu. M'mwezi womwewo wa Okutobala 1979 ndi m'mene ndinawerengera mkulu uja K95 pa tebulo, patapita zaka ziwiri ndi miyezi inai ciyambire. Anandipacika kamera m'khosi, yolemera ngati njerwa. Ndipo walira mvula walira matope: m'buku munatsala K3 yokha, filimu ndinalibe, ndalama ya basi ndinalibe. Panapitanso miyezi iwiri ya mawilibala kuti ndipeze filimu imodzi ya zithunzi 36 ndi tikiti ya ku Katete.

Ndinafika kumudzi masiku ocepa Khirisimasi isanakwane, cimanga ciri m'maondo. Ambuya anandilandira ndi nthabwala zao za masiku onse, nati, "Amuna anga abwera, nanga nsalu yanga iri kuti?" Nditawaonetsa kamera ndi kuwauza za mtengo wake, anagwira pakamwa. Anakana kujambulidwa. Anati anamva kuti makina otere acepetsa magazi, ndiponso kuti nkhalamba yopanda mano siyenera kuikidwa pa pepala kuti adzukulu adzaiseke. Sindinawakakamize, pakuti mkulu uja anali atandiuza kuti nkhope yokakamizidwa ituluka yokakamizidwa. Ndinajambula amai, alongo anga, a mfumu ndi ana a pamudzi, ambuya akuonerera ali pa mphasa. Tsiku lacitatu ndinakhala nao pakhonde ndi kuwafunsa kuti, "Ambuya, kodi atate anali ooneka bwanji?" Anayamba kulongosola, naima, nayambanso, kenaka anakhala cete nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Mkamwini wanga uja nkhope yake yandithawa." M'mawa mwake anasamba, anadzola nsatsi, anamanga duku ndi citenje cao ca ku chalichi, naitanitsa mtondo ndi munsi. Anati, "Undijambule ndiri pa nchito, asadzanene kuti ndinali waulesi." Kunali mitambo. Ndinaika pa 8, ndinagwira mpweya, ndipo ndinadina katatu.

Usiku wotsiriza filimu inatha, ndipo mwa cizolowezi cabe ndinaibweza yonse m'kacitini kake ndisanagone. Pobwerera ku Lusaka basi yathu inaimitsidwa pa malo ena pamene asilikali anali kufufuza katundu. Tonse tinatsika ndi kuima pamzere. Msilikali wina atapeza kamera m'cola canga nkhope yake inasintha, ndipo anzanga a m'basi anasendera kutali nane. Anandifunsa kuti ndajambula ciani m'njira, ndipo ndisanayankhe anatsegula citseko ca kumbuyo kwa kamera, dzuwa liri pamutu. Filimu ikadakhala iri yotambasuka m'katimo, monga aisiyira ambiri osadziwa, zaka ziwiri ndi theka zikadapsa m'kuphethira kwa diso. Koma anapeza kacitini kotsekeka. Anakatulutsa nakatembenuza, kufuna poyambira kusolola, koma nsonga yonse inali m'kati.

Ndinati, "Bwana, m'menemo muli ambuya anga. Ndiloleni ndikuonetseni." Ndinatulutsa kabuku kaja manja akunjenjemera. Iye anawerenga mzere ndi mzere: amai pa nkhokwe, a mfumu pa mpando, ana pa citsime, ambuya pa mtondo, 8, mitambo. Manambala onse 36 analipo, ndipo panalibe mlato kapena mseu. Anandifunsa kuti ambuyawo ali ndi zaka zingati. Ndinayankha kuti sadziwa, koma anena kuti pa nkhondo ya Jeremani anali kale kamtsikana kotha kutunga madzi. Msilikaliyo anayang'ana kacitini kaja kanthawi, nakaika m'dzanja langa, nati, "Longa bwino, mwaice. Usaitulutse mpaka ukafike." Munthuyo anali pa nchito yoteteza dziko pa nthawi yoopsa, ndipo sindinamuimbepo mlandu. Cimene cinandipulumutsa ndi malamulo awiri aja a ukalamba, amene ndikadapanda kuwadziwa kamera ikadabwera msanga.

Ku Kamwala ndinatsuka filimu ija ndi manja anga, mkulu uja ataima pambuyo panga. Mwa zithunzi 36, zabwino zinali 11 zokha. Zimene ndinajambula m'nyumba zinada bii, zina zinagwedezeka, ndipo a mfumu ndinawadula mutu, cinthu cimene sindinawauze mpaka anamwalira. Pa zitatu za ambuya, cimodzi anatsinzina, cina munsi unaphimba nkhope. Cacitatu cinatuluka bwino: maso ali pa ine, mphini za pa masaya zikuoneka imodzi imodzi, milomo itafuna kuseka. Ndinawatumizira cimodzi, ndipo amai analemba kuti anacisunga m'Baibulo ndi kuonetsa mlendo aliyense. Ambuya anamwalira m'caka ca 1981. Lero cithunzico ciri m'nyumba zisanu ndi ziwiri za mbumba yao, ku Katete, ku Chipata, ku Kitwe ndi kuno.

Kamera ija inandidyetsa zaka zoposa 20. Ndinazungulira pa njinga m'Chawama, m'Kanyama ndi m'mafamu a Makeni, kujambula maukwati, ubatizo ndi ana obadwa kumene. Nthawi sizinali zofewa. Boma litayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni mu Okutobala 1985, kwaca inagwa kwambiri, ndipo K95 imene inandigulira kamera inadzafika posagula ngakhale filimu imodzi. Pambuyo pake kunabwera makamera osafuna filimu, kenaka mafoni, kotero kuti ngakhale kampani yaikulu ya Kodak ya ku America inagwa m'ngongole ndi kupempha citetezo ca khoti m'caka ca 2012. Ine ndinabwerera ku nkhuku. Koma nchito ya ojambula a masiku aja siinafe. M'zaka zaposacedwapa mai Sana Ginwalla anapeza mulu wa zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga pa Fine Art Studios, situdiyo yakale ya mu Lusaka, nayamba nchito yozisunga yochedwa Zambia Belonging. Zithunzi za bambo Alick Phiri, amene anaphunzira nchito pa situdiyo imeneyo asanatsegule yao ku Kanyama, zaonetsedwa poyera kuti anthu aone m'mene anthu wamba a mu Lusaka anali kuvalira ndi kuimira. Zimene tinali kuziyesa za 50 ngwee zasanduka mbiri ya dziko.

Kwa inu a kumidzi ndinena ici. Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni yojambula, koma zithunzi zambiri zifera m'mafoni momwemo, foni ikagwa m'madzi kapena ikabedwa. Jambulani nkhalamba zanu zikali moyo, ndipo mukapita pa boma tsukitsani ngakhale cimodzi pa pepala. Kumbuyo kwake lembani dzina, mfunda, mudzi ndi caka, pakuti nkhope yopanda dzina isanduka mlendo pakapita mibadwo iwiri. Ndipo mwana wanu akafuna cinthu cacikulu ca nchito, musamuseke ndiponso musafulumire kumugulira. Mpatseni poyambira, monga anapiye kapena mzere wa dimba, muonetseni posungira pabwino, ndipo mumtumize kwa munthu wodziwa nchitoyo kuti akagwire tsache.

Mdzukulu wanga ndinamuitana patapita masiku awiri. Ndinamuonetsa buku la ku positi lija, limene masamba ake afiira, ndi kabuku ka manambala 36. Anawerenga mwakacetecete, nafunsa kuti K20 ya mu Januwale 1979 inapita kuti, ndipo ndinamuuza kuti akafunse ambuya ake aang'ono a ku Katete. Tinapangana motere: ndamupatsa anapiye 50 ndi mbali imodzi ya khola, cakudya ca nkhuku adzandibwezera akagulitsa, ndipo pa Ciweru ciriconse adzapita kwa wojambula wina wa ku Kabwata amene wavomera kuti azimunyamulira zola ndi nyali pa maukwati. Ndalama zake asunga pa foni, kumene ciswe sicifika, ngakhale kuti mabanzi a masiku ano afika mosavuta. Akuti pofika Khirisimasi ya caka camawa adzakhala atakwanitsa. Ndamuuza kuti tikiti ya basi ya ku Katete ndidzalipira ine, pakuti mlongo wanga uja wayamba kudandaula maondo, ndipo cithunzi cake cabwino tiribe.